Chifefe chakale sachikonza ndi hamala

Mfuti ya mipope iwiri ikakalamba imayamba ndi kugwedera. Ukaithyola pakati n'kuitsekanso, mipope siikhalanso thithithi pachitsulo chakumbuyo. Chimene chadyeka ndi kachitsulo kopingasa komwe mipope imazungulirapo, pamodzi ndi ngowe yake. Mmisiri wachangu amangotenga hamala n'kugogoda chitsulo mpaka chitafufuma. Gwedegwede uja watha, mwini mfuti walipira akumwetulira. Akangoombera kangapo kugwedera kwabwerera, pamenepo n'kuti chitsulo chitapunduka kale.

Zambiri mwa mfutizi kwawo ndi ku Birmingham ndi ku London, ndipo zina zinafika kuno m'nthawi ya atsamunda. Mu 1875 William Anson ndi John Deeley a kampani ya Westley Richards anatulukira njira yobisa tinyundo tomenya chipolopolo m'kati mwa mfuti, kuti mipope ikamagwa potsegula izitcheranso tinyundoto. Zitsulo zake n'zochepa zedi: mbali iliyonse kanyundo, sipuling'i, kachitsulo kotchera ndi kena kogwira kanyundoko. Koma chilichonse ankachipala ndi tupa pamanja, kuchiyenereza mfuti imodzi yokhayo. Mfuti ziwiri zotuluka m'nyumba imodzi chaka chimodzi sizibwerekana zitsulo, ndiye za sipeya wa m'sitolo iwalani.

Pothetsa gwedegwede uja, mmisiri weniweni amaika chitsulo chopingasa chatsopano, chonenepako pang'ono, kapena amawotcherera pangowe paja kuti pakhuthale. Kenaka amayatsa nyali ya parafini yonga koloboyi wathuyu, n'kudetsa chitsulo ndi mwaye. Amatseka mfuti, n'kuitsegula. Pomwe mwaye wafufutika n'kuoneka mbee ndi pomwe zitsulo zikukhulana, ndipo amapala pomwepo basi, kawiri kapena katatu ndi tupa wosalala. Amadetsanso, kutseka, kutsegula, kupala. Dzuwa limatha kulowa zopalidwazo zisanadzaze ndi chikhadabo chomwe. Ine ntchito imeneyi imandigometsa, chifukwa chitsulo ukachipala mopyola sichibwerera.

Sipuling'i ikathyoka nayo amachita kusula. Imakhala yopinda ngati chilembo V, ndipo poipala tupa amamuyendetsa motsata utali wake, chifukwa kamzere kopingasa ndi pomwe mng'alu umadzayambira. Akaiumitsa pamoto amaitenthanso pang'ono kuti ifewe. Kuuma kwambiri ithyoka tsiku loyamba, kufewa kwambiri ipinda osabwerera.

Choopsa chili pakachitsulo kogwira kanyundo kaja. Nsonga yake imakola m'kamphako kakang'onong'ono, ndipo kanyundo kotcheredwa sikagwidwa ndi china chilichonse. Anthu ambiri amadalira kabatani ka pamwamba kaja poganiza kuti akakakokera kumbuyo mfuti yagona. Pa mfuti zambiri za mtundu wa Anson ndi Deeley kabataniko kamangotseka chokhethemulira, kanyundo kali chitcherekere. Nsonga ija ikadyeka, kapena wina akaipala dala kuti chokhethemulira chipepuke, mfuti imalira yokha ikagwa, mwinanso mipope yonse iwiri kulirira pamodzi. Mfuti zodula za Purdey ndi za Holland & Holland zili ndi kachitsulo kachiwiri kowakha kanyundo kakapulumuka, koma mfuti ya mlimi wamba nthawi zambiri ilibe.

Kawirikawiri, tinene zoona, m'katimo simukhala chothyoka. Amakhala mafuta a zaka makumimakumi omwe anauma n'kusanduka phula, kumata zitsulo. Kutsuka kokha mfuti yadzuka. Vuto limakhala polowera: timipata ta masikuluu ake n'topyapyala kwambiri, moti mmisiri amanola sikuludiraiva yakeyake ya sikuluu iliyonse. Ukaona mitu ya masikuluu yonyotsokanyotsoka, dziwa kuti panadutsa wa hamala uja. Mafuta omwewo akachuluka amatsikira m'mtengo wakumbuyo n'kuufoola, n'chifukwa chake odziwa amaimika mfuti kukamwa kuli pansi.

Komabe zonsezi n'kutaya nthawi ngati mipope yatha. Ku Birmingham kuli nyumba yoyesa mipope kuyambira 1813, ndipo ku Britain n'kulakwira lamulo kugulitsa mfuti yopanda zidindo zosonyeza kuti inayesedwa. Zidindozo amazidinda kunsi kwa mipope, ndipo mmisiri wanzeru amayamba wawerenga zimenezo asanakhudze sikuluu. Zifefe zambiri zakale za ku Britain anazipangira zipolopolo za mamilimita 65, pamene zambiri za masiku ano n'za 70. Zina zili ndi mipope ya Damascus, ya zitsulo zopotana, yomwe anaipangira wonga wakuda wa makedzana, osati wamakonowu. Mmisiri akayeza n'kupeza kuti khoma la mpope lapyapyala ndi dzimbiri, amaibweza mfutiyo osaikonza, ngakhale mwini wake achonderere kuti inali ya agogo ake. Pamkangano umenewo ine ndili mbali ya mmisiri.