Chilimwe cha ku Tsangano ndi ku Macanga

Wopita ku Tsangano kapena ku Macanga, ku Mozambique, kukafuna nyumba zamakedzana angabwereko chimanjamanja. Kupatula timashopu tingapo ta nthawi ya Apwitikizi ku Furancungo, ndi mishoni ya Fonte Boa imene ansembe a Chijezuwiti adatsegula mu 1945, zomangidwa zambiri n'zadzanadzanali. Midzi yochuluka idadzutsidwanso pambuyo pa 1992, eni ake atabwerako kothawa nkhondo n'kupeza mitengo itamera pamene padali zipinda zawo. Ngakhale boma la Tsangano lenilenilo ndi mwana wamng'ono, pakuti lidadulidwa ku Angonia mu 1986. Komabe dera ili ndi lakale, ndipo ukale wakewo umaonekera m'kagawidwe ka chaka: mwezi uti ngwa khasu, uti ngwa ng'oma, uti ngokachezera abale. Kagawidwe kameneka kadapirira mafumu ankhondo, atsamunda ndi nkhondo ziwiri. Lero kakusinthidwa mwakachetechete ndi fodya ndi mbatata ya kachewere.

Dziko la Macanga lidali pansi pa Undi, mfumu ya Achewa ya mfunda wa Phiri, imene likulu lake lidali ku Mano. M'zaka za m'ma 1700 kudafika Gonçalo Caetano Pereira wa ku Goa, kudzafuna golide. A banja lake adakwatira m'mabanja achifumu, adasonkhanitsa asilikali a Chikunda, ndipo pofika m'ma 1840 Pedro Caetano Pereira, amene ankatchedwa Choutama, adali ndi ufumu wakewake, wosamvera Undi kapena bwanamkubwa wa ku Tete. Ufumuwo udatha mu 1902, mfumu yake Chinsinga itagonjetsedwa ndi Apwitikizi. Chakum'mawa, m'mapiri a Angonia ndi Tsangano, mudakhazikika Angoni a Maseko, amene adamanga pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 lidadula dziko lawo pakati, potsata msana wa mapiri pamene madzi amagawanikira, ena kunka kunyanja ndi ku Shire, ena ku Revubwe ndi Zambezi. N'chifukwa chake woyenda pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu amaona Malawi dzanja ili, Mozambique dzanja linali, ndipo mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu akhoza kukhala kuti wagona ku Mozambique n'kulawirira msika ku Malawi.

M'mibadwo yonseyi chaka chidali ndi eni awiri, munda ndi mudzi. Mvula ikagwa mu Novembala anthu ankakhuthukira kumunda: kubzala, kupalira, kubandira. Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikayamba kuonetsa pansi, aliyense ankayang'ana za pakhomo pake. Ndi miyezi ya bowa, nkhwani ndi ganyu, imene mlendo amamulandira ndi chimwemwe pankhope mtima uli pa ufa wotsala m'dengu. Dowe akacha mu Malichi anthu ankapumako. Koma mudzi unkayamba kukhala mudzi chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndipo kuyambira Juni mpaka chizimalupsa cha mu Okutobala miyezi idali ya anthu onse.

Zifukwa zake n'zapoyera. Pamakhala chimanga chokwanira kuviika chimera, ndipo popanda mowa ndi thobwa palibe mwambo umene ungaitane anthu. Mitsinje imakhala itaphwa, njira zauma, wachibale wa kutsidya akhoza kufika. Udzu wofolera wakhwima. Choncho zonse zimene dzinja lidakana zinkaikidwa padera kudikira nyengo imeneyi. Munthu akamwalira mu Febuluwale ankaikidwa msanga anthu n'kubwerera kumunda, koma mowa wa chikumbutso chake unkadikira kukolola. Chinamwali, kulonga ufumu, maukwati, milandu ya malire a minda imene idakwiyitsa anthu nthawi yolima, zonse zinkabwera pabwalo dzuwa la chilimwe likuwala. Ku Macanga, kumene mizinda ya gule ndi yambiri, ng'oma zikayamba kulira madzulo ngakhale mwana amadziwa kuti mudzi wakolola. Zakudambwe saulula, ndipo ine sindiyamba lero, koma aliyense amene adaimapo pabwalo n'kuona kasiyamaliro akulowa adaona yekha makoko a chimanga oyera mbee. Chilombo chimenechi sichingatuluke kwa anthu amene sadakolole. Kumidzi ya Angoni ku Tsangano, kumene Juni ndi Julaye chisanu chimawaula nyemba m'madambo, amuna amavina ngoma ndi zishango ndi zibonga, kuponda pansi mpaka thukuta kutuluka pakati pa mphepo ya mwera.

Padali zaka zimene chaka chidasweka. Nkhondo ya ufulu itafika ku Tete mu 1968, Apwitikizi adasonkhanitsa anthu ambiri m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Ufulu utabwera mu 1975, boma la Frelimo lidachotsa mafumu paudindo ndipo miyambo ngati gule lidaiona ngati ya umbuli. Kenaka, m'katikati mwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Renamo ndi boma idasesa mapiri onsewa. Anthu adawolokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Lilongwe, ena ku Zambia, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi adapitirira 1 miliyoni. Ambiri a kumapiri kuno sadalowe m'misasa. Adamanga tizisakasa kuseri kwa nyumba za abale awo, minda yawo akuiona kutsidya kwa msewu. Tsiku lodziwika pa moyo wawo lidali logawa ufa ndi nandolo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, adabwerera, ndipo chodabwitsa n'chakuti miyambo idadzuka msanga kuposa masukulu ndi zipatala. Mu 2000 boma lidazindikiranso mafumu ndi anyakwawa. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia pa mndandanda wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Loweruka lomaliza la Ogasiti mafumu a Achewa a ku Tete amapita ku Mkaika, ku Katete, kumwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kumayambiriro kwa Seputembala Angoni amakumana pa Umhlangano ku Nkolimbo, ku Ntcheu.

Mtendere womwewo ndi umene udabweretsa fodya wa bale wochuluka ku Macanga. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale yake mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pangongole, mlimi n'kudzaigulitsa fodya wake, ngongoleyo n'kudulidwa pamenepo. Fodya sadziwa kuti pali miyezi ya mudzi. Msika wake umatsegulidwa chimanga chisanakololedwe n'kupitirira nyengo yonse yozizira, ndipo mabelo omaliza asanachoke pakhomo, nazale ya chaka chinacho yayamba kale. Ogasiti ndi Seputembala, pamene ng'oma zimayenera kumveka kwambiri, mlimi amakhala kudambo. Njere za fodya n'zazing'ono ngati fumbi. Amazisungunula m'madzi a m'kheni n'kuwaza pa bedi lalitali, n'kufunditsa udzu wouma. Kuyambira pamenepo bedi limenelo limafuna madzi m'mawa ndi madzulo, tsiku lililonse, dzuwa likupsa. Ukaliphonya masiku awiri, timbande timapserera, ndipo chimene chapserera si mbande zokha koma ngongole ya chaka chonse. Munthu wotero ukamuitanira kumowa wa mudzi wakutali amavomera ndi pakamwa, miyendo ili kudambo.

Ku Tsangano mwini chilimwe watsopano ndi mbatata. Nthaka ndi kuzizira kwa kuno zimailola kulimidwa kumunda nthawi ya dzinja, ndiponso kudimba mvula ikatha. Kale dimba lidali kachigawo kakang'ono ka mpiru ndi maungu a ndiwo. Lero madambo athunthu ndi obiriwira mu Ogasiti, madzi akuyenda m'ngalande zopatutsidwa kumitsinje ya m'mapiri, kwina injini zopopera zikulira kuyambira m'mawa. Onjezani tirigu, amene amabzalidwa mvula ikamatha n'kumwetedwa m'chilimwe, kabichi, tomato, nyemba zachiwiri, ndi mapichesi amene amapsa mvula ikamayandikira. Tsiku la msika ngolo za ng'ombe zimatsika m'mapiri kusanache. Thumba la mbatata salidzaza n'kumanga pakamwa ayi: amasokerera chigamba china pamwamba, n'kuunjikamo mbatata zikuluzikulu zooneka bwino mpaka thumba kutalika kufika pachifuwa cha munthu, ndipo anyamata awiri kapena atatu amachita kulimbana nalo polikweza m'lole. Wogula amawerengera kuti ndi thumba limodzi basi. Malole amanka ku Tete, ku Beira, ku Blantyre, ku Lilongwe. Mtengo amatchula m'makwacha kapena m'metikale, ndipo mayi amene sadapite patali ndi sukulu amadziwa mtengo wosinthira ndalama wa tsiku limenelo kuposa mlendo wobwera ndi foni yodula.

Sukulu nayo yatenga gawo lake, ndipo apa malire amaonetsa mano. Ku Mozambique chaka cha sukulu chimayamba cha mu Febuluwale, tchuthi chachikulu n'kugwa mu Disembala ndi Januwale, pakati pa mvula, nkhokwe zikutha. Ku Malawi chimayamba mu Seputembala, ndipo tchuthi chachikulu chimagwa mu Ogasiti, m'kati mwenimweni mwa chilimwe. Anamkungwi a banja limodzi, okhala mbali ziwiri za msewu, amapezeka kuti masiku awo sakugwirizana. Chinamwali chimene chinkatenga nthawi yaitali tsopano chimapanikizidwa m'katchuthi kakafupi, kapena m'masiku a kumapeto kwa sabata. Sindikudandaula nazo kwambiri zimenezi. Mtsikana kukhala m'kalasi n'kofunika kuposa kutalika kwa mwambo, ndipo anamkungwi ambiri adazivomereza kale. Chimene ndikuona n'chakuti tsiku la mwambo masiku ano salisankha poyang'ana mwezi kumwamba. Amayamba afunsa za tsiku la msika, za malipiro a fodya ndi za mayeso.

N'kosavuta kulira kuti zakale zapita, koma kulira kotero kumaiwala zambiri. Chilimwe chakale sichidali chopuma kwa onse. Amayi ndiwo ankasinja, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuchezera pamoto usiku wonse pofulula mowa umene amuna ankamwa pabwalo. Nthawi ya atsamunda, miyezi yomweyi ndi imene msonkho ndi chibalo zinkasakira anthu, ndipo anyamata ambiri ankathawira ku mafamu a ku Rhodesia kapena ku migodi ya ku Joni, mudzi n'kutsala wa akazi ndi nkhalamba. Lero mnyamata wolima mbatata amagona kwawo. Ndalama za fodya ndi za kudimba ndi zimene zikufolera nyumba ndi malata, kugula njinga zamoto ndi masola, kumanga ziliza za simenti, ndi kugula zitenje zofanana zimene amayi amavala pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique. Mwambo wa masiku ano uli ndi mpunga, nyama ndi zokuzira mawu zimene makolo sadazione. Chasowa ndi nthawi. Anthu amafika mochedwa, amadya, amaponya ndalama m'mbale, n'kutsanzika dzuwa likadalipo.

Chimene chafooka kwenikweni, m'kuona kwanga, ndi ngongole ya manja. Dima inkatanthauza kuti lero tigwira kwako, mkuja kwanga, malipiro ake mowa ndi nsima. Kufolera nyumba ya mayi wamasiye kapena kukonza nkhokwe ya nkhalamba kunkatheka chifukwa anthu adali ndi masiku opanda mtengo. Tsiku la mu Ogasiti tsopano lili ndi mtengo wake, ndipo aliyense amaudziwa. Wokhala ndi ndalama amalemba aganyu. Wopanda ndalama amakhala waganyuyo, ndipo denga lake limadikira.

Chatsala chimene chimaimitsabe zonse ndi maliro. Mwambo ngwakuti uthenga ukamveka palibe wogwira khasu mpaka mtembo utaikidwa; adzukulu amapita kumanda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, ndipo wopezeka kumunda amakayankha kwa mfumu. Lamuloli lidapangidwira chimanga, chimene chimapirira masiku awiri popanda mwini wake. Nazale ya fodya ndi dimba la mbatata mu Seputembala sizipirira choncho, ndipo nyakwawa amene akuweruza nayenso ali ndi bedi lake kudambo. Njira yapakati imene anthu amapeza ndi yothirira m'bandakucha, bola dzuwa likamatuluka munthu akhale atafika pasiwa. Koma njirayi sikhudza onse mofanana. Alimi akuluakulu a fodya ku Macanga amalemba antchito ochokera kutali, ambiri a iwo a ku Malawi, amene maliro a m'mudzimo sawamanga. Bwana amakhala pasiwa tsiku lonse, mwaulemu wake, kheni ikuyenda kudambo m'manja mwa mlendo. Amene amafika mochedwa, matope ali m'miyendo, n'kuyang'anidwa ndi diso la mfumu, ndi mlimi wa bedi limodzi amene amathirira yekha ndi mkazi wake.