Kagalu Kamphuno Yophwatalala: Katengeni Kotayidwa, Musagule

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangoona kuti nkhani yanga ndi ya galu muyamba kuseka. Kwathu kuno galu ndi mlonda, amagona panja ndipo amadya makombo. Koma ku maiko monga England ndi America kuli kagalu kena kotchedwa French bulldog, kakang'ono, kamakutu otong'oka ndi mphuno yophwatalala, komwe anthu amakhala nako m'nyumba ngati bwenzi. Maganizo anga ndi akuti munthu wofuna kagaluka akakatenge ku malo osungirako agalu otayidwa, osati kukagula kwa oweta amalonda.

Makolo a kagaluka anali agalu amphamvu omwe ku England ankawamenyanitsa ndi ng'ombe zamphongo anthu n'kumaonerera. Masewera ankhanzawa analetsedwa m'chaka cha 1835. Pambuyo pake anthu anayamba kuweta timabulldog ting'onoting'ono tongocheza nato. Amisiri oluka nsalu a ku Nottingham, ntchito itawathera chifukwa cha makina, anasamukira ku France atanyamula tiagalu tawo, ndipo kumeneko ndi komwe mtundu umenewu unakhazikika ndi kulandira dzina. M'chaka cha 2022 French bulldog anakhala galu wolembetsedwa kwambiri ku bungwe la American Kennel Club, kuposa Labrador yemwe anali atatsogola kwa zaka 31.

Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope ija anthu amaikonda ndi yomwe imakazunza kagaluka. Oweta akhala akusankha agalu a mphuno zazifupi zedi kuti ndiwo aziswana, mpaka njira ya mpweya inachepa. Ambiri mwa agaluwa amapuma mobanika, amaliza mkonono ngakhale ali maso, ndipo eni ake ena amaona ngati n'zoseketsa pamene galuyo akulimbana ndi mpweya. Galu amadziziziritsa popuma wefuwefu, choncho kagalu kotere kakatenthedwa kangathe kukomoka kapena kufa. Kusambira sikatha bwino. Makwinya akumaso amasunga chinyezi n'kuyambitsa zilonda. Ngakhale kubereka kumene, ambiri amachita kuwang'amba chifukwa mitu ya ana ndi yaikulu pomwe chiuno cha make n'chopapatiza. Kodi abale, cholengedwa chomwe sichingaswane bwino popanda mpeni wa dokotala, tinganene kuti Mulungu ndiye anachipanga tero? Ayi, ndi manja a anthu ndi dyera la ndalama. Dziko la Netherlands linaona vutoli, ndipo m'chaka cha 2019 linakhwimitsa malamulo oletsa kuswanitsa agalu a mphuno zazifupi mopyola muyeso.

Aliyense wogula kamwana kwa wamalonda akumuuza wamalondayo kuti aswanitsenso ena. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, mitengo ya ana agalu ku Britain inakwera kwambiri, ndipo French bulldog mmodzi ankagulidwa ndi mapaundi masauzande. Anthu atabwerera ku ntchito, ena atatopa ndi mabilu a kwa dokotala wa ziweto, agalu ambiri anakatulidwa ku malo osungirako aja. Wotenga galu kumeneko saonjezera chiwerengero cha ovutika. Amangopereka khomo kwa yemwe anabadwa kale.

Malo otere si achilendo. Ku London kuli nyumba ya agalu ndi amphaka ya Battersea yomwe inayambitsidwa ndi mayi Mary Tealby mu 1860. Sangokupatsani galu ngati mukugula tomato pamsika. Amakufunsani za nyumba yanu, za ana, za maola omwe galuyo azikhala yekha, ndipo amamupereka atamubaya katemera ndi kumuona zaumoyo. Ena amadandaula kuti mafunso achuluka. Ine ndikuona kuti mafunso amenewo akanafunsidwa poyamba paja, galuyo sakanatayidwa.

Tsopano pali funso lomwe anzanga pano pa seminale sangalephere kufunsa: anthu akugona ndi njala, ana akusowa fizi, ndiye tizitaya nthawi ndi agalu? Funsoli n'lolemera ndipo sindikulipeputsa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa ndime 2418, akuphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi: kuti kuzunza nyama popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu, komanso kuti si bwino kuthera pa nyama ndalama zomwe zikanayenera kuyamba zathandiza anthu ovutika. Akuonjezeranso kuti chikondi choyenera munthu tisachipereke kwa nyama. Ndikawerenga bwino ndimeyi ndimapeza kuti ikutsutsa wogula uja, yemwe amataya chuma chochuluka pa galu wa fashoni ndi kumuveka timalaya, kuposa wotenga galu wotayidwa. Papa Francis nayenso m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 anadzudzula khalidwe logwiritsa ntchito chinthu ndi kuchitaya, ndipo galu wogulidwa chifukwa cha chithunzi cha pa intaneti n'kusiyidwa patatha chaka ndi chitsanzo chake.

Komabe kutenga galu wotere si ntchito ya aliyense. Wopanda ndalama ya mankhwala kapena wongokhala paulendo asayese, angamutayitse kachiwiri. Ndipo kwa makolo athu a m'tauni omwe mwina aona kagaluka pa foni n'kukasirira, ndikupempha kuti aganizire kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA lomwe limasamala agalu osowa mwini ndi kuwapezera mabanja. Galu wachikuda wa kumeneko amapirira dzuwa lathu, amapuma bwinobwino, ndipo usiku amauwa wakuba akafika pampanda.