Mayeso a netiweki: muyambe na ati, mutsilize na ati?

Kucokela pamene MTN inatsegula 5G mu November 2022, na Starlink kufika muno mu October 2023, nkhani ya nchito za netiweki yakula m'makomboni. Ku Matero, Chawama na Kalingalinga, acinyamata amene ali na dipuloma ya makompyuta akamba za CCNA, CCNP na CCIE monga maina a matimu a bola. Makolo ena afika polowa cilimba kuti mwana alembe mayeso amenewa. Koma cimene niona kuti sicikambidwa mokwanila ni ici: ayambe na ati, atsilize na ati? Akasokoneza apa, ndalama ya banja imapita m'madzi.

Tiyambe na mitengo. Masatifiketi awa ni a kampani ya Cisco ya ku America, ndipo amalipilidwa m'madola. CCNA ni mayeso amodzi, nambala 200-301, mtengo $300. Kumapeto kwa 2024 dola inapitilila K27, kutanthauza kuti kukhala pa mpando wa mayeso kamodzi cabe kunali kupitilila K8,000. Ukafeluka, ndalama siibwelela. Uyembekeza masiku asanu, ulipilenso.

Pamwamba pa CCNA pali CCNP Enterprise, imene ifuna mayeso awili. Oyamba ni ENCOR, 350-401, a $400, amene amakhudza mbali zambili za netiweki ya kampani ikulu. Aciwili umasankha wekha. Ambili amatenga ENARSI, 300-410, a $300, amene amalowa mozama pa mmene ma router amapezela njila yotumizila data. Pamwamba penipeni pali CCIE: maola 8 pa makina, $1,600, kuwonjezela ndeke yopita kumalo monga Dubai kapena Brussels.

Manje mvelani apa. Kucokela pa 24 February 2020, Cisco inacotsa lamulo lakuti uyambe wapata CCNA ukalibe kulemba CCNP. Ena amva izi ati basi, tilumphe, tisunge $300. Ine nikana. ENCOR inakonzedwela munthu amene wagwila kale makina kwa zaka zingapo. Amene sanagaweko ma IP address kapena kukonzako switch pa ofesi, akalumpha CCNA aika $400 pa ngozi pofuna kupulumutsa $300.

Ciwili ni nthawi. Satifiketi iliyonse ya Cisco imakhala na moyo zaka zitatu. Koma ukaphasa mayeso a pamwamba CCNA ikalibe kufa, zaka zitatu zija zimayambanso. Komanso mayeso awili a CCNP afunika kuphasidwa mkati mwa zaka zitatu. Conco ndondomeko imene niona kuti ikwanila thumba la m'komboni ni iyi. Caka coyamba, CCNA. Ukaipata, funa nchito iliyonse yokhudza netiweki, olo ikhale yokoka ma cable kapena kuika Wi-Fi pa sukulu. Caka caciwili kapena kuciyambi kwa cacitatu, lemba ENCOR. Pambuyo pake, mayeso osankha, malinga na nchito imene uli nayo m'manja.

N'cifukwa ciani ENCOR ikhale patsogolo? Cifukwa imatsegula makomo ambili. Payokha imakupatsa satifiketi ya Specialist, imagwilizana na mayeso osankha alionse a Enterprise, ndipo ndiyo cilolezo colowela mu labu ya CCIE. Koma ngati nchito yako ya tsiku na tsiku ni ma router, CCNA yatsala pang'ono kufa, ndalama nayo yacepa, palibe lamulo loletsa kuyamba na ENARSI. Nayonso imatsitsimula CCNA, ndipo ni yochipako na $100. CCIE yeve isiyeni mpaka abwana a pa nchito avomele kuthandizako mtengo.

Musaiwale kuti Cisco siili yokha pa msika. 5G ya MTN inamangidwa mothandizana na Huawei, imene ili na makwelelo ake: HCIA, HCIP na HCIE. Mukalibe kulipila ciliconse, welengani zolengeza za nchito za Zamtel, Airtel, Liquid na mabanki, muone pepala imene apempha. Kuunjika masatifiketi oyambila a makampani atatu kumadya ndalama imene ikanakukwezani pa makwelelo amodzi. Ikani pambali na ndalama yolembetsela ku ICTAZ, cifukwa lamulo la 2018 lifuna kuti akatswili a ICT akhale olembetsedwa.

Pali na nkhani ya malaiti. Tonse tikumbukila 2024, madzi atacepa ku Kariba, mmene tinali kugonela mu mdima na kuuka mu mdima. Mayeso awa amalembedwa kupitila ku Pearson VUE, ndipo n'zotheka kulembela kunyumba pa intaneti. Koma amafuna cipinda ca zii, kamela yoyaka na netiweki yosaduka. Mu nyumba ya zipinda ziwili ku George kapena Kanyama, ana a neba akusewela pa khomo, n'kuika ndalama pa njuga. Kwelani basi mukalembele ku senta. Pokonzekela, pulogilamu ya Packet Tracer ni yaulele ku Cisco Networking Academy, ndipo imayenda pa laputopu wamba.

Cotsiliza, samalani na aja ogulitsa mafunso obedwa pa WhatsApp. Cisco ikakugwila imalanda satifiketi. Olo isakugwile, pa intavyu adzakupatsa switch ati ikonze, ndipo pamenepo zoloweza sizithandiza.

Kwa inu makolo amene mwana wanu wabwela kupempha ndalama ya mayeso, mufunseni zinthu zitatu: ni mayeso ati, adzafa liti, nanga otsatila ni ati? Akayankha zomveka, mpatseni. Akayamba kukanda mutu, ndalama ikhale kaye mu cilimba.