Chingerezi chiyambireni pa njala imene mukuidziwa

Ana anga a m'masukulu a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula, ndimakuonani mukuloweza mndandanda wa mawu a Chingerezi madzulo, kukacha theka lauluka. Kulimbikirako n'koyenera, poti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE. Koma mawu opanda pogwira sakhalitsa m'mutu. Bwanji osayambira pa chinthu chimene mukuchidziwa kuposa wolemba buku lanu, ndicho njala?

M'mwezi wa Marichi 2024, mvula itadula chifukwa cha El Niño, Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Kenaka bungwe lounika za njala la MVAC lidati anthu 5.7 miliyoni asowa chakudya. Ena mwa anthuwo ndife amene tinkaphika mango osakhwima. Malipoti otere, amene boma ndi mabungwe amatsata pogawa chimanga, amalembedwa m'Chingerezi. Akunena za mimba zathu, ife osawerenga. Safunsa adadya phula.

Tengani mawu akuti starvation, muwaphunzire pamodzi ndi zimene zimachitika m'thupi. Thupi lili ngati banja la nkhokwe zitatu. Munthu akasiya kudya, limayamba kutapa shuga wosungidwa m'chiwindi, amene asayansi amati glycogen, ndipo ameneyu amatha pafupifupi tsiku limodzi. Likatero limatembenukira ku mafuta. Mafuta akachepa limadya minofu yake yomwe, ngakhale ya mtima. N'chifukwa chake mwana wanjala amazizidwa dzuwa likuswa mtengo, amaleka kusewera, ndipo matenda otsegula m'mimba amene mnzake wokhuta akadachira, iye amamutenga.

Pitani kusikelo mukaone mlangizi wa zaumoyo akukulunga kalamba pamkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono. Kalambako kakaonetsa pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera koopsa. Imeneyo ndiye wasting. Mukaiona ndi maso anu, simudzaisokoneza ndi stunting, kupinimbira, kumene mwana amakhala wamfupi mosagwirizana ndi zaka zake. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ali opinimbira. Kupinimbiraku kumayambira m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. M'mera mpoyamba, ukaphonya pamenepo, kukonza kumavuta.

Mawu amene ndikufuna muwagwiritsitse ndi oedema, kutupikana. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, ena amati wanenepa, ndipo agogo ena amati ndi tsempho, nayamba kufunsana za m'nyumba. Agogowo ndimawalemekeza, adatilera. Koma pamene akulu akukambirana, mwana akupita. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu, n'kuchotsa. Pakatsala kadzenje, chimenecho ndi chizindikiro cha kwashiorkor, ndipo mwanayo afike kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwaninso ichi, poti chifundo chosadziwa chimapha. Mwana wofooka kwambiri sapatsidwa mbale yodzaza nsima nthawi imodzi, chifukwa thupi limene lazolowera kusowa silingalandire chakudya chambiri mwadzidzidzi, mtima ungaime. Achipatala amayamba ndi mkaka wapadera wa F-75, pang'onopang'ono usana ndi usiku, chiponde n'kubwera pambuyo. Ndipo chiponde ndi mankhwala a wodwalayo. Sichogawana ndi abale ake, sichogulitsa pamsika.

Inu aphunzitsi, mutu umodzi susenza denga. Itanani mlangizi wa zaumoyo abwere m'kalasi ndi kalamba kake. Liwu lililonse latsopano ana alinene m'Chichewa, alinene m'Chiyao, kenaka alembe chiganizo cha Chingerezi chonena za mudzi wawo: chaka chimene nyanja ya Chilwa idaphwa, mtengo wa ndowa ya chimanga pa Liwonde m'mwezi wa Febuluwale. Koma samalani. M'kalasi momwemo muli ana amene agona ndi njala. Musaloze mwana aliyense kuti akhale chitsanzo, ndipo wina akasinza pa desiki, mufunseni pambali ngati wadya.