Eti King Tubby anali makaniko chabe!

Loweruka lapitali ndinakangana ndi mkulu wina pamalo omwera ku Ndirande. Mkuluyu ndi wamadiredi, malaya ake ndi a nkhope ya Bob Marley, ndipo amati reggae ili m'magazi mwake. Nditatchula King Tubby anangoti kukamwa yasa. Nditamuuza kuti Tubby sanali woimba koma wojambula ndi kusakaniza nyimbo mu situdiyo, anaseka chikhakhali. "Aaa, achimwene, wopotokola mabatani? Ameneyo ndi makaniko basi."

Makaniko! Ndinatsala pang'ono kutsamwa. Ndiye ndati ndimuyankhire pano, poti kumowa amapambana ndi wokuwa.

Dzina lake lenileni linali Osbourne Ruddock, wobadwa mu 1941 ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Inde, anayamba ndi kukonza mawailesi, sindikukana. Manja omwewo ndiwo analumikiza zimkuzamawu zake za Hometown Hi-Fi, zimene U-Roy ankasangalatsira anthu kumadansi. Anagwiranso ntchito yodinda malekodi kwa Duke Reid ku Treasure Isle.

Koma tamvani zimene ankachita m'kasitudiyo kake ku Waterhouse. Kachipindako kanali kakang'ono moti bandi sikanakwanamo. Anthu ngati Bunny Lee ankangomubweretsera matepi ojambulidwa kale kwina. Iye n'kutenga nyimbo yothaitha, n'kuyamba kuiphwasula. Mawu a woimba kuwazimitsa, kungosiyako liwu limodzi kuti lizibwerezabwereza ngati mfuu ya m'phanga. Gitala kumukankhira kutali uko. Patsale ng'oma ndi besi zokha zikugunda pachifuwa, mpaka ovina ayambe kuyang'anana, kenako zonse n'kubwerera nthawi imodzi, khuu! Dub ndi imeneyo. Ndipo makina ake anali a matiraki 4 okha, akale, ogula ku Dynamic Sounds. Kamvereni chimbale cha King Tubbys Meets Rockers Uptown cha mu 1976, chimene anapanga ndi Augustus Pablo, mubwere mudzandiuze kuti ndi galaja iti imatulutsa zoterezi.

Ine ndine mlakatuli. Thukuta langa lenileni silituluka polemba ayi, limatuluka pofufuta: kudziwa mawu oti achoke ndi malo oti pakhale zii. Tubby ankachita zomwezo, kungoti cholembera chake chinali cha magetsi. Nanga bwanji ine mukunditcha waluso, iye makaniko?

Anasulanso anzake. Scientist anaphunzirira pa makina omwewo. Prince Jammy nayenso, yemwe mu 1985 anatulutsa Under Mi Sleng Teng ya Wayne Smith n'kutembenuza reggae yonse.

Pa 6 February 1989 chigawenga chinamuwombera Tubby kunja kwa nyumba yake ku Duhaney Park. Palibe amene anamangidwa chifukwa cha imfayi. Marley, atamwalira mu 1981, anaikidwa mwaulemu wa boma. Sindikumuchitira nsanje Marley, anayenera. Ndikungofunsa kuti mwa inu ovala nkhope yake, ndi angati munamvapo za 6 February ina kupatula tsiku lake lobadwa?

Kwathu kuno nthenda ndi yomweyi. M'zaka za m'ma 1990 makaseti a ku Balaka ankalira m'minibasi iliyonse. Mayina a oimba tinkawaloweza ngati katekisimu, koma ndani ankatembenuza chikuto kuti aone amene anachezera pa makina? Paul Banda wa IY Studio timamudziwa, zoona, koma n'chifukwa choti nayenso amagwira maikolofoni. Akanakhala wosaimba bwenzi tikumufunsa kuti dzina ndani. Ndinapititsapo nkhani ya mnyamata wina wojambula nyimbo kwa mkonzi wa nyuzipepala ina. Sanaiwerenge n'komwe. Anangofunsa kuti, "Ali ndi nyimbo yanji pawailesi?" Pamene amafunsa choncho, wailesi ya muofesi mwakemo inali kuliza nyimbo imene mnyamatayo anajambula.

Achimwene amadiredi aja, Loweruka likubwerali ndikupezani pompaja ndi chimbale cha Tubby. Mukamva besi n'kugwedeza mutu ngakhale kamodzi, botolo loyamba mugula ndinu.