Mlendo Wosachoka m'Tauni

Munthu wa ku Ndirande kapena ku Kawale akafunsidwa kwawo, amatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ngakhale atakhala m'tauni zaka 20 naberekeramo ana. Kwa iye tauni ndi kuntchito chabe. Maganizo otere adali omveka m'masiku a atsamunda, pamene amuna ankagwira ntchito nyengo yochepa nabwerera kukalima. Koma kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo pakati pawo pali ana ochuluka amene mudzi amauona patchuthi pokha.

Vuto la mlendo ndi lakuti sakonza pakhomo pa eni. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala amati ndi za akhonsolo; chimbudzi chikadzaza amati ndi za mwini nyumba. Matenda safunsa zimenezo. Kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda iwiriyi zidachedwa kutsegulira chifukwa cha mliriwo. Mu Malichi chaka chomwecho, namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala ya phiri la Soche, zomwe zidakwirira nyumba ku Chilobwe. Oyamba kufukula adali anansi, ndi makasu ndi mafosholo awo, pakuti ndiwo ankadziwa pamene padali nyumba ndi amene ankagonamo. Wosadziwika ndi anzake adalibe womufuna.

Nanga m'makomboni amayendetsa zinthu ndani? Lamulo la mafumu la 1967 limati mfumu ilibe mphamvu mu mzinda popanda chilolezo cholembedwa cha khonsolo. Komabe mafumu a m'tauni alipo, ndipo ntchito ikuwachulukira. Ndiwo amalengeza maliro, natuma anyamata kukatolera chipepeso khomo ndi khomo. Ndiwo amaweruza mkangano wa lendi ndi kuchitira umboni pogulitsana malo. Si onse oyera m'manja: ena agawa mapoloti m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri, malo amene sayenera kumangidwapo nyumba. Koma wowanyoza ali kutali amadzazindikira kufunika kwawo tsiku la zovuta, pamene kope la chipepeso litsegulidwa dzina lake napezeka kuti mulibe. Maliro nkulirana, kumudzi ndi m'tauni momwe.

Khansala naye aiwalika. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala, motero ambiri adazolowera kupereka madandaulo onse kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, ngakhale a msika ndi zinyalala, amene mwini wake ndi khonsolo.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti ophunzira ndiwo amatsogola kudzipatula. Mphunzitsi amachoka m'bandakucha nabwera kutada. Mnyamata wa MSCE amayesa msonkhano wa pakomboni ngati wa nkhalamba. Chikhalirecho komiti ya madzi a pakiyosiki isowa wolemba bwino ndalama, banki m'khonde isowa wodziwa kuwerengera chiwongoladzanja, ndipo kalata yopita kukhonsolo isowa woilemba momveka. Kumene odziwa masamu akana mipando imeneyi, imagwera aliyense wofika msanga, ndipo ngongole ya madzi ikakula bungwe logulitsa madzi limatseka mpopi, amayi nabwerera kuzitsime zosatetezeka zomwe zidafalitsa kolera.