Regulator yoyamba sigulidwa ngati jekete ya pa kaunjika

Sabata yatha ndinalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mnyamata yemwe ndinamuphunzitsa Fizikisi zaka zinayi zapitazo. Pano amayendetsa alendo pa boti ku Cape Maclear, ndipo akufuna kuphunzira scuba, kusambira pansi pa madzi utabereka silinda ya mpweya. Anati: "Aphunzitsi, dalaivala wina wa thiraki wabwera ndi regulator kuchokera ku Joni, ali nayo pa malire pompo. Mtengo wake ndi wabwino. Mungakandionereko?"

Ndinapita kukaiona. Inali yonyezimira ndithu, ngati yatsopano. Koma ndinamuuza kuti asagule, ndipo chifukwa chake chili m'makope mwanu momwemo.

Tiyambe ndi funso lomwe ophunzira amandifunsa chaka chilichonse: bwanji osangotenga paipi yaitali, mbali imodzi kukamwa, ina kunja kwa madzi? Gwiritsani ntchito P = ρgh. Pa mita imodzi yokha, 1,000 × 10 × 1 ikutipatsa 10,000 Pa. Ngati chifuwa chanu ndi masentimita 30 mulitali ndi 30 mulifupi, madziwo akuchikankha ndi mphamvu ya 900 N. Uku kuli ngati kugona chagada wina n'kukusanjikani matumba awiri a chimanga osadzaza kwenikweni. Simungakoke mpweya bwinobwino. Kuti mapapo afufume pansi pa madzi, mpweya uyenera kubwera ndi pulesha yofanana ndi ya madzi omwe akuzungulirani.

Imeneyi ndiyo ntchito ya regulator. Mu silinda yodzaza mumakhala pulesha ya pafupifupi 200 bar, pomwe mu tayala la galimoto yaing'ono mumakhala 2 bar ndi pang'ono chabe. Gawo loyamba, lomwe limamangidwa pa silinda, limaitsitsa kufika pa 9 kapena 10 bar kuposa ya madzi. Gawo lachiwiri, lija limalumidwa kukamwa, lili ndi kachikopa kofewa. Mukakoka mpweya, kachikopako kamalowa mkati n'kukankha kachitsulo komwe kamatsegula valavu. Mukasiya kukoka, valavu imatseka. Chipangizochi anachikonza mu 1943 ku France ndi Jacques Cousteau ndi injiniya Émile Gagnan, yemwe anali atapanga kale chofanana nacho choyendetsera galimoto ndi gasi pa nthawi ya nkhondo.

Tsono taonani pomwe pagona moyo wa munthu: pa kachikopa, kasipuling'i ndi timphete ta labala. Zonsezi zili mkati, sizioneka. Labala amauma ndi kutentha, ndipo ngati mwini wake woyamba ankasambira m'nyanja ya mchere osatsuka bwino, mkatimo mukhoza kukhala mutadyeka. Jekete ya pa kaunjika umaitembenuza n'kuona pomwe yang'ambika. Wailesi ikafa umangodandaula ndalama. Regulator ikafa pa mamita 18, ulibe mpata wopita kukabweza.

Nditafunsa dalaivala uja kuti inakonzedwa komaliza liti, anangoseka: "Bwana, ine ndangopatsidwa kuti ndigulitse." Sindikumunena. Iye ndi wamalonda. Koma opanga zipangizozi amati ziziunikidwa ndi mmisiri wodziwa chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse, malinga ndi mtundu wake, ndipo apa panalibe pepala lililonse.

Maganizo anga ndi awa: ndalama yoyamba ipite ku maphunziro, chipangizo chibwere pambuyo. Ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay kuli masukulu ophunzitsa scuba, ndipo wophunzira amagwiritsa ntchito zipangizo za sukulu. Kumeneko ndi komwe Lamulo la Boyle, lija la mu 1662, limasiya kukhala la pa bolodi. Pa mamita 10 pulesha imakhala pafupifupi 2 bar. Mukadzaza mapapo pamenepo n'kukwera mutagwira mpweya, P₁V₁ = P₂V₂ ikunena kuti mpweyawo ufuna malo owirikiza kawiri, ndipo mapapo akhoza kung'ambika. Choncho ngakhale regulator yabwino kwambiri ndi yoopsa m'manja mwa munthu yemwe sanaphunzire kuti pokwera sagwira mpweya.

Mukamaliza maphunziro, funso loyamba lisakhale lakuti "ndi zingati?" koma lakuti "ndani angaikonze kuno ku Malawi, ndipo zida zake zosinthira zimapezeka?" Funsani mphunzitsi wanu wa scuba mitundu yomwe iwo amatha kuitsegula. Kachiwiri, onani polumikizira. Pali mtundu wa DIN, womwe umachita kupotokolera mu valavu ngati bawuti, ndi wa yoke, womwe umapana valavu kunja. Sankhani womwe ukugwirizana ndi masilinda a komwe muzikasambira. Kachitatu, pakhale geji yoonetsa mpweya wotsala ndi cholumira chachiwiri chothandizira mnzanu zikavuta. Pomaliza, iyeseni m'madzi osaya, mphunzitsi ali pambali, muone ngati mpweya ukubwera mosavuta komanso ngati sukutuluka wokha.

Ndikudziwa zomwe ena anene: "Aphunzitsi, yatsopano ndi yodula, ife tingaikwanitse?" N'zoona, ndipo ine ndemwe nsapato zanga ndi za pa kaunjika. Sindikuletsa yogwiritsidwa kale ntchito. Ndikuti mtengo wake weniweni ndi womwe mwalipira kuphatikiza woikonzetsa, ndipo ngati palibe woikonza, mwagula chitsulo chokongoletsera m'nyumba. Komanso munthu wosambira kangapo pa chaka zimamutsikira mtengo kubwereka kusiyana n'kugula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mukuti izi zikutikhudza bwanji ife a ku Mwanza, kwa manachesi, komwe nyanja timaionera pa mapu? Cape Maclear ili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Alendo ndi ofufuza amachoka kutali kudzaziona. Palibe lamulo loti owatsogolera pansi pa madzi, kapena okonza zipangizo zawo, asakhale ochokera m'kalasi mwanu.

Mnyamata uja anadandaula pang'ono, koma ndalama yake waisungira maphunziro. Inu nayi ntchito ya kunyumba. Silinda ya malita 12 pa 200 bar ili ndi mpweya wokwana malita 2,400. Tiyerekeze kuti munthu amapuma malita 20 pa mphindi ali pamtunda, ndiye kuti umukwanira mphindi 120. Nanga pa mamita 20 umutengera mphindi zingati? Mukapeza yankho, mundiuzenso chifukwa chake wosambira wanzeru sadikira kuti geji ifike pa 0.